Mapeyala atatu amene anakwera ndege kupita ku Dedza

Amayi anzanga, sabata ino ndathamanga. Sindikunena kuthamanga kwathu kwa masiku onse kuja, kochoka kukhitchini kupita kochapira, kuchoka kochapira kukatenga ana pa basi, ayi. Ndathamanga ndi mtima. Kuchoka ku Al Mankhool, dera la m'dziko la Aluya lino kumene ndimagwira ntchito, kukafika kwathu ku Dedza, kubwerera, kupitanso, koma miyendo ili pamodzimodzi pa matailosi a eni ake, foni ili m'manja, mopu itagona pansi.

Chondithamangitsa? Mapeyala atatu.

Tigwirizane kaye. Sindikunena mapeyala athu aja a nthangala imodzi yaikulu pakati, odyera mchere kapena shuga. Ndikunena achizungu aja, ooneka ngati apozi wokhala ndi khosi, otsekemera, amadzimadzi, amene timawaona m'masitolo kuno atavekedwa tiukonde toyera ngati makanda.

Lachisanu lapitalo kunyumba kumene ndimagwira ntchito kunafika mlendo, bambo awo a madamu. Ana amawaitana kuti Jido, ndiko kuti agogo aamuna m'chiyankhulo chawo, ndiye nanenso ndangotengera pomwepo. Ndi nkhalamba yansangala, yokonda macheza, yochokera kwawo kumapiri kumene amati kumazizira mpaka madzi kuuma gwa. Moyo wawo wonse akhala akulima zipatso. Anabwera ndi katoni yodzaza mapeyala a m'munda mwawo, lililonse lokutidwa m'kapepala kake. Madamu atatsegula, fungo linadzaza nyumba yonse. Anatapa atatu n'kundiika m'manja. "Tenga, habibti, wokondedwa, ulawe za kwathu."

Tsono ndikufunseni, ndipo muyankhe zoona, pano palibe abusa. Mukanadya?

Ndikudziwa simukanadya. Tonse amene tinasiya ana kumudzi tili ndi nthenda imodzi. Chokoma chikangofika m'manja, pakhosi pamatsekeka. Chokoleti cha pa Khirisimasi, mabisiketi a m'chitini, zipatso zouma za tende zokutira m'pepala lonyezimira, timangonunkhiza, n'kukabisa pansi pa sutikesi, kudikira wopita kumudzi. Ena mwa inu muli ndi chokoleti chimene chinasungunuka chilimwe chatha, n'kuumanso, ndipo mukuchisungabe. Musayang'ane kumbali, ndikukudziwani.

Mwana wanga ndi Tiyamike, timangoti Tiya. Ali ndi zaka zitatu ndi miyezi inayi. Ndinamusiya atangoyamba kumene kuyenda bwinobwino, m'manja mwa achemwali anga a Feliya, ku Dedza. Kuyambira pamenepo ndimamulera pa foni. Mwezi uliwonse a Feliya amamuimika pafelemu la chitseko, n'kulemba kamzere ka khala pamwamba pa mutu wake, n'kunditumizira chithunzi. Timizere timeneto ndimatiyang'ana kuposa mmene ndimayang'anira nkhope yanga pagalasi. Ndimakulitsa chithunzi ndi zala, ndimayeza ndi chikhadabo. Ndipo miyezi yapitayi timizereto tayamba kuthithikana, kena pamwamba penipeni pa kanzake, ngati mwanayo waima.

Ndiye nkhawa ndinali nayo kale. Voisi iliyonse imene ndimatumiza kumudzi imathera pamodzi: "Achemwali, ana anuwo asamamulumphe Tiya akagona pamphasa. Amene wamulumpha abwerere, amulumphenso chobwerera." Mukudziwa nonse zimene tinakula nazo, zoti mwana wolumphidwa sakula. Kaya n'zoona kaya ayi, ine sindifuna kuyesera pa wanga.

Mapeyala aja ndinawalowetsa lililonse m'sokosi yake, masokosi atsopano apinki amene ndinamugulira, n'kuwaika m'kabokosi ka pulasitiki. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawapereka kwa Anti Joyisi, amene amagwira ntchito yochapa nsalu mu hotela ina ku Downtown. Ankanyamuka Lolemba kupita kutchuthi kwawo ku Ntcheu, ndipo basi yawo imadutsa pa Dedza. Amene munalipo munaona mmene tinawazungulira mayi aja, aliyense ndi kaphukusi kake, iwo atanyamula sikelo yopachika ngati ogula soya.

"Iwe make Tiya," anatero, "anzako akutumiza mafoni ndi mafuta onunkhira, iwe wandibweretsera zipatso? Ku Dedza mitengo inatha?"

"Anti, n'zachilendo izi, mwana sanalawepo."

"Zikandiphwanyikira m'madiresi anga udzandichapira chaka chonse. Bweretsa kuno."

Tinapangana kuti Lachiwiri a Feliya akawadikire pa siteji, pamsewu waukulu. Mtima wanga unali mbee.

Lachiwiri lomwelo m'mawa, ana atapita kusukulu, ndinapititsa tiyi kwa Jido pabalaza. Nkhalamba ija m'nyumba muja ilibe woimvetsera. Madamu ali pa kompyuta, bwana ali ku ofesi, ana akabwera maso ali pa mafoni. Ndiye ikaona ine, imaona mpingo wathunthu. "Bwera, mwana wanga, bwera uone munda wanga." Chizungu chawo n'chothyokathyoka, changanso chimodzimodzi, koma timamvana, manja amathandiza.

Anandionetsa zithunzi pa tabuleti. Abale, mitengo ija! Mizeremizere, yowongoka bwino, koma yaifupi. Jido ataima pambali pake, mtengo ukuwalekeza m'mapewa. Koma zipatso zake, mbwee, nthambi mpaka kuwerama.

"Ndi tiana ta mitengo?" ndinafunsa.

"Tiana? Iyi ndi nkhalamba ngati ine. Inakula kale, sidzatalikanso. Khalasi, basi."

"Chifukwa chiyani?"

Anakweza chala monyadira, ngati kholo lotchula dzina la sukulu imene mwana wake anasankhidwira. "Radiyeshoni."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade sikisi, koma mawu amenewo ndimawadziwa. Tonse timawadziwa. Ndi aja olembedwa pachitseko cha chipinda chojambulira pachifuwa, tsiku la medikolo ya viza, pamodzi ndi chizindikiro chachikasu chooneka ngati fani ya mapiko atatu. Ndi paja nesi amakufunsa kawiri kuti, "Suli ndi pakati?" kenaka iye mwini n'kuthawira kuseri kwa khoma, kukusiya wekha utakumbatira chitsulo chozizira. Chinthu chimene nesi amachithawa ndicho chinafupikitsa mtengo. Ndipo zipatso za mtengo umenewo zili m'masokosi apinki, mu basi, pa msewu wa ku Dedza.

Mukuganiza kuti ndinafunsa? Ndinamwetulira. Ndinati, "Shukurani, zikomo Jido, n'zokongola." Ndinanyamula thireyi bwinobwino mpaka kukhitchini, ndipo kumeneko ndiye mantha anandigwira.

Musandiseke msanga, maganizo anga anali ndi mutu wake. Tomato ukamupopera mankhwala amati dikira masiku usanadye, chifukwa mankhwalawo adakali momwemo. Mayi woyamwitsa akamwa mankhwala ena, amafika kwa mwana kudzera m'bere. Ndiye chimene chalowa mumtengo n'kuuletsa kukula, chingalephere bwanji kutsikira m'chipatso? Nanga chipatsocho akadye ndani? Mwana amene timizere take tathithikana kale. Ine amene ndimakalipira ana a eni kuti asamulumphe, ndamutumizira ndekha chomulumpha, chokwera ndege!

Nthawi inali itangopitirira teni koloko kuno, ndiye kuti kumudzi eyiti. Ndinaimbira Anti Joyisi. Nambala ya kuno, yozima. Ndinaimbira a Feliya. Yozimanso, ndipo ndinadziwiratu kuti ili kotchajitsa pa golosale. Ndinatumiza voisi: "Achemwali, mapeyalawo musamupatse mwana." Ina: "Achemwali, musawakhudze n'komwe, mukumbe dzenje." Ina: "Dzenjelo likhale kutali ndi chitsime." Ina: "Muikepo mwala, nkhuku zingafukule." Zinakwana khumi ndi imodzi, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inasonyeza kuti yafika.

Kenaka ndinachita chinthu chimene mpaka pano chikundichititsa manyazi. Ndinalemba pa gulu lathu la amayi la pa foni. Ndinkangofuna nambala ya kumudzi ya Anti Joyisi, koma ndinafotokozanso chifukwa chake.

Mayo ine! Nambala panalibe amene anali nayo, koma nzeru aliyense anali nazo. Wina anati anamva kuti zipatso zotere zimatseka mimba. Wina anati mwana akadya mumumwetse mkaka wosakaniza ndi makala. Wina anati n'chifukwa chake ana a masiku ano akuvala magalasi. Wina anatumiza chithunzi cha mbuzi ya mitu iwiri, kaya anachitenga kuti. Wina anatumiza pemphero la mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo zikomo mayi, linali lamphamvu. Pofika leveni koloko, mapeyala anga atatu anali atamaliza mudzi wonse ndi ziweto zomwe.

Tsiku limenelo bafa limodzi ndinalitsuka kawiri, linzake osalikhudza. Shati ya bwana ndinaisita dzanja limodzi katatu.

Masana ndinatsika kukadikira basi ya ana. Pamthunzi paja timakumana ndi Ba Misozi, a ku Chipata ku Zambia, amene amalera ana m'nyumba yoyang'anizana ndi yathu. Asanabwere kuno ankakolopa m'kiliniki ina ku Lusaka, ndiye za m'chipatala amazidziwako. Anangondiyang'ana kamodzi.

"Iwe, n'chani? Nkhope monga wameza ndimu."

Ndinafotokoza, mpweya ukuthera m'njira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Manje iwe, pobwera kuno sanakujambule pachifuwa?"

"Anandijambula."

"Na ine ananijambula, katatu manje. Radiyeshoni yamene ija inapita m'thupi mwako. Manje ana a madamu wako uwanyamula, uwaphikira, uwasambika. Afupika? Kamtsikana kaja kali na zaka naini chabe, kakupita kale msinkhu!"

"Koma Ba Misozi, mtengowo unafupika. Ndauona ndi maso angawa."

"Za mtengo sinidziwa, sindine wa agirikacha. Koma mwine wa mtengo ali pa sofa m'nyumba mwanu, ali na kamwa. Wafunsa azimayi fote amene sanauonepo mtengo, wasiya nkhalamba yamene inaubyala. Yalla, fulumira mwandi, kafunse."

Apa ndiye pali nkhani yanga, amayi anzanga. N'chifukwa chiyani kufunsa kumatilemera chonchi m'nyumba za eni akezi? Tinaphunzira mawu awiri, "yesi madamu", n'kumawaphika tsiku lililonse ngati ndiwo za mwezi wathunthu. Timaopa kuoneka mbuli. Timaopa kuti akati, "Wafunsiranji?" tidzaulula kuti mphatso imene anatipatsa tinaitumiza kumudzi, ngati kuti kumeneko n'kuba. Timalolera kufunsa gulu lonse la anthu odziwa zochepa ngati ife tomwe, chifukwa kumeneko palibe amene angatiyang'ane motinyoza. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinatsala pang'ono kufera kukhitchini, yankho lili pabalaza likumwa tiyi.

Ana nditawapatsa chakudya, ndinapukuta manja, n'kupita. Ndinali nditakonza mawu abwino m'mutu, koma nditangotsegula pakamwa, inayamba kutuluka ndi misozi. Madamu anatseka kompyuta n'kubwera kudzamasulira. Jido atamva anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya pomwepo. Chimenecho ndidzawakumbukira nacho. Anandikhazika pampando, ine amene sindikhala pamipando ya pabalaza, n'kupita pakhonde kukathyola kanthambi ka duwa la madamu.

Zimene anandiuza ndi izi, ndikuzinena mmene ndinazimvera.

Kale, anthu ofufuza za mbewu ankafuna mtengo wa mapeyala wosatalika. Mitengo yakale inali italiitali, yofuna makwerero, ndipo Jido anandionetsa chipsera pachigongono, cha tsiku limene makwerero anawakana. Ndiye akatswiriwo anadula tinthambi tambirimbiri, nyengo yozizira mitengo itagona, n'kutiika m'chipinda cha makoma ochindikala, n'kutiwalitsira cheza champhamvu chija kwa kanthawi. Chezacho chimadutsa n'kupita, ngati mmene chinadutsira pachifuwa panga. Sichikhalira, sichibisala, sichitsikira m'chipatso. Chimene chimachita n'kugwedeza malangizo a m'kati mwa kanthambi, aja amene amauza mtengo kuti talika chonchi, phuka apa, bereka chakuti.

Kenaka tinthambi tija anatimezanitsa pa zitsinde za mitengo ina. Apa ndiye ndinadzuka pampando, chifukwa izi ndikuzidziwa! Malemu bambo anga ankamezanitsa mapichesi kuseri kwa nyumba, ndi kampeni ndi pulasitiki ya shuga, ine nditagwirizira. Ndinalanda kanthambi kaja n'kuwaonetsa Jido mmene amasongolera, iwo n'kuwomba m'manja. "Ndiye ndiwe mlimi mnzanga! Ukulira chiyani?"

Anati tambiri mwa tinthambi timeneto tinafa. Tina tinamera mopotoka. Tambiri tinangokula ngati kale osasintha kanthu, chifukwa cheza chija sichisankha, chimangogwedeza mwachisawawa. Koma pakati pa mitengo yonseyo panapezeka umodzi kapena iwiri ya mfundo zoyandikana, ngati nzimbe ya pouma. Imeneyo anaisunga. Anadulanso tinthambi take, kumezanitsanso, kudikira, kudulanso, kumezanitsanso, zaka ndi zaka, mpaka kutsimikiza kuti khalidwe lake lakhazikika ndipo zipatso zake n'zabwino. Ya m'munda mwa Jido ndi zidzukulu za zidzukulu. Makina otulutsa cheza chija siinawaonepo n'komwe.

"Ndiye kufupikako kuli mumtundu wa mtengo," madamu anamasulira, "ngati mphuno ya pabanja. Akuti ndikufunse, ukadya nkhuku ya miyendo yaifupi, miyendo yako imafupika?"

Ndinaganiza. Kwathu nkhuku zoterozo tinali nazo, ndipo tinazidya zambiri. Ndinayang'ana miyendo yanga, imene pampando paja siinkafika pansi, ndipo mantha anafuna kubwerera. Madamu anaona pamene maso anga apita, n'kugwira pamimba ndi kuseka. Anaimirira, mutu kutsala pang'ono kugunda nyali yolendewera. "Tandiyang'ana ine. Mapeyala amenewa ndayamba kudya ndili mtsikana. Akanakhala ofupikitsa, bwenzi nsapato zazitali ndikuvala."

Jido anafunsa, "Mwana wakoyo ukuti ndi wamfupi. Mayi ake ndi aatali bwanji?"

Madamu anangoloza kukhitchini, kumene kuli kampando kamene ndimapondapo ndikafuna makapu.

"Nanga bambo ake?"

Ndinayenera kuulula kuti pachithunzi chathu cha ukwati, bambo a Tiya anaima pa njerwa.

Tinaseka tonse atatu, ine misozi isanaume. Koma kenaka nkhalamba ija inaika kanthambi patebulo, nkhope n'kusintha. "Tamvera, mlimi mnzanga. Mitengo yaifupi ilipo ya mitundu iwiri. Wina ndi waufupi chifukwa ndiwo mtundu wake, masamba ake ndi obiriwira, umabereka. Wina ndi waufupi chifukwa cha njala kapena matenda, masamba ake ndi achikasu. Mlimi sayeza msinkhu wokha, amayang'ana masamba. Anthu odziwa kuona masamba a ana, mwana wako anamuona liti?"

Khadi la kusikelo la Tiya sindinalifunse kuyambira pa Pasaka. Ndakhala ndikuwerenga timizere ta khala, ndakhala ndikulalikira za kulumpha, koma osafunsa kuti, kodi kusikelo mukupita? M'phala mukuthira nsinjiro? Dzira amadya kangati?

Kodi si mmene tilili ambirife? Mantha athu amakonda zinthu zakutali, za mayina aatali achizungu. Zapafupi, zimene zimapinimbiritsadi ana, monga phala lamadzimadzi, kutsegula m'mimba kosatha, malungo obwerezabwereza, timaziona ngati za masiku onse. Chithunzi cha mbuzi ya mitu iwiri chimayenda pa mafoni athu ngati moto wolusa m'tchire louma. Ndani anatumizapo pa gulu chithunzi cha khadi la kusikelo?

Ndipo nditabwerera pa gulupo kukazimitsa moto umene ndinayatsa ndekha, n'kulemba zonse zimene Jido ananena, anandiyankha anthu awiri. Mmodzi anati, "Ameni." Winayo anati, "Komabe samala."

Cha m'ma folo koloko foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Voisi zanga zonse khumi ndi imodzi zinali zitafika, ndipo a Feliya anayankha ndi imodzi yokha. Chiyambi chake ndi kuseka kokhakokha.

"Iwe mwana wa amayi, wapenga kodi kumeneko? Kapena ndi dzuwa? Dzenje lanji? Mwala wanji? Mwana wako peyala loyamba wadyera pa siteji pomwepo, basi isananyamuke n'komwe, madzi ake kuyenderera mpaka m'zigongono. Linalo tagawana tonse, kachidutswa kachidutswa, ndipo ngati n'kufupika tifupikire limodzi, ine ndatopa kale n'kuwerama pakhomo la khitchini. Koma lotsalalo ndiye nkhondo. Walibwezera m'sokosi, walikumbatira, aliyense akayandikira akukuwa. Tamva wekha."

Kenaka kamawu kaja, kapafupi kwambiri ndi foni, kopumira m'kati momwe: "Ili la amami. Akabwela adzadya."

Amayi anzanga, ndinakhala pansi pa matailosi. Nthenda ija ndimati ndi ya ife amene tili kunja kuno, ya kutsekeka pakhosi, kani imayenda m'magazi. Imeneyo ndiye ndinamupatsira ndithu, popanda cheza, popanda ndege.

Lachinayi a Feliya anapita naye kusikelo. Alangizi a zaumoyo anamuyeza, kulemera ndi msinkhu womwe. Anati ndi wamng'ono thupi koma mzere wake ukukwera, awonjezere nsinjiro m'phala ndi dzira likapezeka, abwerenso mwezi wamawa. Chithunzi cha khadi ndili nacho tsopano, ndachiika pamodzi ndi cha chitseko. Za kulumpha a Feliya akuti apitiriza kuletsa, poti kuletsako sikuwononga kanthu. Nthangala za mapeyala aja akuti azibzala kuseri kwa bafa. Jido akuti nthangala siisunga mtundu, mtengowo ukhoza kutuluka wautali ngati makolo ake akale, wofuna waufupi amezanitse kanthambi. A Feliya akuti zilibe kanthu, pabanja pathu patulukeko chimodzi chachitali.

Linatsala ndi peyala la m'sokosi lija, limene silikanandidikira mpaka kontirakiti ithe. Ndinawauza Jido. Anadzuka okha kupita kukhitchini, anasankha lalikulu m'katoni, analitsuka, n'kundipatsa. "Ili sukutumiza kulikonse. Ndikhala pompano mpaka ulimalize."

Ndiye dzulo masana tinaimbirana pa vidiyo. Tiya ali pakhonde ku Dedza ndi lake, limene linali litayamba kale kufewa mbali imodzi, ine ndili kukhitchini ku Al Mankhool ndi langa. Ndinamuuza kuti la amami lafika kuno, ili, ndiye lakolo udye wekha. Analiyang'ana langa nthawi yaitali, ngati wapolisi wa pamsewu akuyang'ana laisensi. Kenaka anavomera. Tinawerenga limodzi mpaka katatu, n'kuluma. Jido anali kumbuyo kwanga akubayibitsa, Tiya n'kufunsa ndi kamwa lodzaza kuti, "Agogo awo ndi a ndani?"

Abale, n'lokoma peyala lija. Chiyambire kubwera kuno, chimenecho ndicho chinthu choyamba chotsekemera chimene chatsika pakhosi panga osakakamira.

Jido akuti mitengo ija anaifupikitsa kuti chipatso chizipezeka pamene dzanja likufika, popanda makwerero. Mawu amenewo akungondibwerera ndikamakolopa. Ife amayi a kunja kuno ndife mitengo italiitali. Kuti chipatso chathu chifike kwa mwana pamafunika ndege, basi, sokosi ndi Anti Joyisi. Sindikudandaula, ndi mmene zilili pakali pano. Koma poti tili patali chonchi, mphepo iliyonse imatigwedeza, ndipo tikagwedezeka timagwedeza ndi mudzi womwe. A Feliya akanakhala ndi foni m'manja m'mawa uja, bwenzi atakumba dzenje, mwana akulira, mapeyala atatu abwinobwino ali pansi pa mwala.

Ndiye ndikufunseni, inu amene mwanyamula mantha anu sabata ino. Mwafunsa mwini mtengo, kapena mwafunsa gulu? Khadi la kusikelo munaliona liti?

Nanga chokoleti chili pansi pa sutikesi chija, mudya liti?